TISATAYE THUKUTA LA BANJA PA MSEU

Ife a kuno ku Nkhotakota timadziwa kuti njinga yamoto sigulidwa ndi ndalama za tsiku limodzi. Makolo amagulitsa mpunga wa zaka ziwiri, ena usipa wa miyezi yambiri, kuti mwana wao apeze poyambira ntchito ya kabaza. Njingayo ikagulidwa ku Lilongwe, kawirikawiri imabwera pa lole, popeza imakhala isanalembetsedwe ku boma, ndipo mnyamatayo amakhala asanatenge laisensi. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 200, kudzera ku Salima ndi kutsata mseu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja. Pa ulendo umenewu mabanja ena ataya chuma chao chisanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina tinaona njinga yatsopano ikutsitsidwa pa lole. Anaigoneka pa matumba a chimanga ndi kuimanga ndi chingwe chimodzi. Thanki inali itaphwanyika mbali imodzi, galasi litasweka, ndipo petulo anali atalowa m'chimanga cha mai wina amene analibe mlandu. Bambo wa mnyamatayo anangogwira pakamwa. Zonsezi zikadapewedwa ndi ntchito ya mphindi makumi awiri.

Choyamba ndi kukonza njingayo isanakwere. Injini izime, ndipo paipi ya utsi izizire. Petulo achepetsedwe m'thanki, kampopi kake katsekedwe, magalasi amasulidwe ndi kusungidwa padera.

Chachiwiri ndi kukweza. Njinga zimene anyamata athu amayendetsa zimalemera kuposa makilogalamu 100, ndiko kunena matumba awiri a chimanga ndi kupitirira. Mutu umodzi susenza denga: pakhale amuna anai, awiri pansi ndi awiri pamwamba. Lole iime pafupi ndi chulu kapena mtumbira, kuti thabwa lokwezerapo lisatsetsereke kwambiri. Thabwalo likhale lochindikala, ndipo limangidwe ku lole kuti lisaterereke. Anyamata inu, musayese kukwera thabwalo injini ikulira pofuna kuonetsa luso. Njinga ikapendekeka pamenepo, imagwera pa mwendo wa mwini wake.

Chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi kumanga. Njinga iime chilili, osati chogona, pakuti ikagona petulo ndi oilo zimatayika, ndiponso madzi a m'batire amene amadya chitsulo ndi nsalu. Tayala la kutsogolo ligunde khoma la lole kumbuyo kwa dalaivala, ndipo njinga ikhale m'giya yoyamba. Zingwe zikhale zinai, ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, chilichonse chikukokera ku ngodya yake. Zakutsogolo zikokedwe mpaka masipuling'i atatsika pang'ono. Pakutero lole ikagunda dzenje, zingwe sizilefuka. Chingwe chigwire pa chitsulo cholimba, chisapane waya wa buleki kapena wa magetsi. Sitandi ya m'mbali isadaliridwe, chifukwa imapindika kapena kuboola thabwa la pansi. Pamene chingwe chakhudza utoto, tiikepo chiguduli.

Kumanga bwino pa chiyambi sikutha nkhani. Zingwe zimatamuka ndi kugwedezeka kwa mseu. Tipemphe adalaivala mwaulemu kuti aime pa Benga kapena pa mlatho wa Chia, tikokenso mfundo zonse. Obwera ndi mseu wa ku Kasungu, wodutsa m'nkhalango ya nyama, aone zingwe zao asanalowe m'nkhalangomo, popeza muli zitunda ndi makhwawa, ndipo m'mene muli njovu si moimamo mwachisawawa. Lisiti yogulira njingayo ikhale m'thumba, kuti apolisi a pa mseu akafunsa tisasowe chowaonetsa.

Tikumbukenso anzathu amene akwera nafe. Pa malole a kuno pamakhala amai obereka ana, ufa ndi madengu a nsomba. Mwana asakhale pambali pa njinga, chakudya chitalikirane ndi thanki, ndipo munthu asasute fodya pafupi. Njinga yomasuka pa lole yothamanga ikhoza kuthyola nthiti za munthu, ndipo mlandu wake udzaposa mtengo wa njingayo.

Ife Akhristu timaphunzitsidwa kuti zonse tili nazo ndi za Mulungu, ndipo ife ndife adindo chabe. Udindo umenewu uonekere ngakhale pa mfundo ya chingwe. Makolo, musamtume mwana yekha pa ulendo wotere. Pitani naye, kapena mtumizeni ndi munthu wamkulu wodziwa. Anyamata, musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Njinga ikafika pa khomo yamphumphu, banja lonse ligwade ndi kuyamika Ambuye, kenaka ilembetsedwe, chisoti chigulidwe, ndipo ntchito iyambe mwa chilungamo.