MAKINA OFUFUZIRA GOLIDE AKAMALIRA PACABE

Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, lacita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique, ndipo anthu ake ndi alimi a cimanga ndi nshawa. Koma mbiri ya golide yasintha maganizo a ambiri. M'caka ca 2020 kampani ya ZCCM-IH inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo Vubwi anali amodzi mwa malo amene anachulidwa pa nchitoyi.

Cifukwa ca ici, anthu ena amasonkherana ndalama za zokolola nagula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Tsono tsiku lina makinawo amayamba kulira paliponse, kapena kungoti zii. Pamenepo mikangano imabuka: wina ati wogulitsa anawanamiza, wina ati mnzao wawalodza. Koma kawirikawiri cifukwa cake cimakhala capafupi, ndipo munthu wodekha angacipeze yekha.

Coyamba kudziwa ndi cakuti makinawa sadziwa golide. Mbale ya kunsi kwa ndodo ili ndi waya wokulungidwa umene umatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi citsulo ca mtundu uliwonse imabweza cizindikiro, ndipo makina amalira. Msomali, cidutswa ca khasu lakale ndi kamwala ka golide, zonsezi zimawaliza. Alipo makina amene amayesa kusiyanitsa zitsulo, koma naonso amaphonya.

Bvuto limeneli ndi lakale. M'caka ca 1881 mtsogoleri wa dziko la America, James Garfield, anaomberedwa ndi mfuti, ndipo Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga makina oti apeze cipolopolo m'thupi mwake. Makinawo analira mosokoneza ndipo cipolopolo sanacipeze. Cimodzi mwa zimene zinawasokoneza ndi zitsulo za bedi limene wodwalayo anagonapo. Phunziro lake lilipobe: munthu ayambe wayang'ana zimene zamzungulira asananene kuti makina afa.

Kayesedwe kake ndi kapafupi. Wofufuza anyamule mbale ija m'mwamba, kufika m'ciuno, naigwire osaigwedeza. Makina akapitiriza kulira ali m'mwambamo, ndiye kuti nthaka ilibe mlandu. Colakwa cingakhale nthambo za magetsi za ZESCO, nsanja ya mafoni, foni ya m'thumba, makina a mnzake amene ali pafupi, kapena mphenzi za mvula imene ikali kutali. Mankhwala ake ndi kuzima foni, kutalikirana ndi anzake, kusamukira pena, ndi kucepetsako mphamvu pa kabatani kolembedwa kuti sensitivity. Ambiri amakweza mphamvuyi mpaka pamapeto poganiza kuti aona zakuya, koma phokoso limaculuka ndi kubisa kulira kwa golide weniweni.

Ngati makina ali cete m'mwamba koma alira mbale ikayandikira pansi, ndiye kuti bvuto ndi nthaka. Katondo, dothi lofiira lija, ali ndi citsulo cambiri, ndipo mcenga wakuda wa m'mitsinje umamatira ku maginito. Ilipo miyala ina imene imaliza makina ngati kuti ndi cuma, pamene mulibe kanthu. N'cifukwa cake makina a golide ali ndi kabatani ka ground balance, kowazoloweza nthaka ya pamalopo. Wofufuza asankhe malo opanda citsulo, azikweza ndi kutsitsa mbale pang'onopang'ono kufikira kulira kutaleka kusintha. Akacoka pa katondo kupita kudambo ayenera kubwerezanso, pakuti nthaka yasintha.

Ngati makina alira pokhapokha mbale ikagunda udzu kapena mwala, colakwa cili pa makinawo. Nthambo yocokera ku mbale iyenera kukulungidwa bwino pa ndodo, osati kulendewera, ndipo polumikizira pake pakhale pothina ndi pouma. Kunsi kwa mbale kumakhala cobvundikira cimene cimalowa mcenga, acicotse nacitsuke. Mbale yong'ambika imalowa madzi, ndipo imeneyo ndi yofunika kusintha.

Mabatire ofooka naonso amabweretsa phokoso ndi kuzimazima. Munthu asasakanize atsopano ndi akale, ndipo awacotse akasunga makina nthawi yaitali, kuti angataye madzi ndi kudya zitsulo za m'kati. Komanso wofufuza adziyang'ane yekha. Nsapato za citsulo kutsogolo, wochi, mphete, ngakhale fosholo yokokera pambali, zimaliza makina pa phazi lililonse.

Ndi canzeru kukwirira khobidi pamalo odziwika pafupi ndi nyumba, ndi kuyesapo makina m'mawa uliwonse. Akalephera kumva khobidi limene analimva dzulo, ulendo wa kuthengo uyambe waima. Ogula acenjerenso, pakuti makina a makampani ochuka monga Minelab ya ku Australia akhala akupangidwa acinyengo ndi kugulitsidwa m'maiko a mu Africa. Kunja amaoneka bwino, koma m'kati ndi acabecabe. Safunsa anadya phula: ndalama zisatuluke makina asanayesedwe pamaso pa wogulitsa.

Ngakhale makina abwino ali ndi malire. Kamwala kakang'ono ka golide amakamva kokha kakakhala pafupi ndi pamwamba, ndipo golide wa fumbi samumva konse. Ameneyo amapezeka posungula mcenga m'madzi. Motero banja limene likumba dzenje lakuya potsata kulira kosadziwika litaya mphamvu, liononga munda, ndipo liika moyo pangozi, pakuti maenje otere amagumuka nthawi ya dzinja. Kukumba miyala ya mtengo wapatali kufunanso cilolezo ca boma, ndi ulemu kwa mafumu, eni nthaka.

Pali cenjezo lina kwa okhala m'malire. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inafikanso m'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa, pamene zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire. Dziko la Zambia linalengeza mu 2009 kuti latsiriza nchito yoyeretsa malo a mabomba okwirira, komabe cida cosaphulika cingatsale m'thengo. Makina akalira, napezeka citsulo cadzimbiri cacilendo, munthu asacigogode kapena kucinyamula. Aike cizindikiro, acotsepo ana, nakauze anyakwawa ndi apolisi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene ayamba wayesa m'mwamba, nayesa nthaka, nayang'ana nthambo ndi mabatire asanagwire khasu, amasunga ndalama zake, munda wake ndi ubale wake ndi anzake amene anasonkha nao.