Ulendo wa ku Dar es Salaam: mpamba umathera pamsewu

Funsani achinyamata ogulitsa zovala, nsapato kapena zikwama pamsika wa Nkhotakota kapena pa Dwangwa kuti katundu wawo amachokera kuti. Ambiri akuuzani kuti ku Dar. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene timaziona mumsewu wa M5 zinatsikira padoko la mzinda umenewu, ndipo ena mwa mafuta amene timathira amadzeranso komweko. N'chifukwa chake wina akangopeza kampamba, maganizo amathamangira ku Tanzania.

Kwa ife a ku Nkhotakota, njira ya kugombe la nyanja yamchere si yachilendo. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa ulendo wopita ku Kilwa. Makolo athu ena anayenda njirayo atamangidwa magoli. Ife lero timapita tokha, pasipoti m'thumba, kukasaka geni.

Ine ndinakhalako masiku asanu, ndipo chimene ndinabwera nacho n'chakuti chodya mpamba ku Dar nthawi zambiri ndi kusadziwa kayendedwe. Tsiku lililonse lotayika pamsewu ndi ndalama ya chipinda, chakudya ndi thiransipoti imene ikanagula katundu.

Kukafika

Kuchokera ku Nkhotakota mumalowera kumpoto: Nkhata Bay, Mzuzu, Karonga mpaka pachipata cha Songwe. Tsidya linalo amati Kasumulu. Mmalawi safunika viza, pasipoti ndi yokwanira. Sinthani ndalama musanalowe mkati mwa dzikolo, chifukwa mukafika ku Dar kwacha yathu n'kovuta kupeza woilandira.

Kuchokera ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita opitirira 800, ndipo basi imatenga maola oposa 12. Imadzera ku Iringa, kenako m'nkhalango ya Mikumi momwe mutha kuona nyamalikiti ndi njovu muli pampando, n'kufika ku Morogoro. Iliponso sitima ya TAZARA, njanji imene inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, koma siyenda tsiku lililonse ndipo imafuna munthu wopanda changu.

Musanagule tikiti iliyonse, mvetsani nkhani ya nthawi. Choyamba, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Chachiwiri, m'Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Akati saa moja asubuhi, ndiye kuti 7 koloko m'mawa. Saa sita mchana ndi 12 koloko masana. Wogulitsa tikiti akakuuzani kuti basi inyamuka saa kumi na mbili, akunena 6 koloko, osati 12. Ndinaona mayi wina atakhala pa katundu wake padepoti, misozi ili chuchuchu, basi yake itapita kalekale chifukwa cha zimenezi. Safunsa anadya phula: muuzeni wogulitsayo akulozereni nthawiyo pafoni.

Mwendokasi, daladala ndi bajaji

Mabasi ochokera kutali amathera padepoti ya Magufuli ku Mbezi, imene inatsegulidwa mu 2021. Mukatsika musaganize kuti mwafika m'tauni, padakali mtunda. Mzindawu uli ndi anthu oposa 5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ndipo m'mawa onse amakhala ngati akulowera mbali imodzi. Mdipiti wa galimoto umene timadandaula nawo ku Lilongwe ndi masewera chabe.

Chokupulumutsani ndi mabasi aataliatali otchedwa mwendokasi, amene anayamba kuyenda mu 2016. Ali ndi msewu wawowawo pakati pa Morogoro Road, ndiye amadutsa fyuu pamene ena aima. Kuchokera ku Kimara, ena amapita ku Kivukoni, m'mphepete mwa doko, ena ku Gerezani, kufupi ndi msika wa Kariakoo. Werengani chikwangwani musanakwere. Mumalipira polowa pasiteji, osati m'basi. M'mawa ndi madzulo anthu amapanikizana ngati usipa m'dengu, choncho chikwama chikhale kutsogolo, foni mkati. M'miyezi ya mvula yambiri, March mpaka May, mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani ndipo nthawi zina mabasiwa amaima.

Kumene mwendokasi safika kumapita daladala, maminibasi awo. Kumene akuchokera ndi kumene akupita kumalembedwa kutsogolo. Pofuna kutsika mumangouza kondakitala kuti "shusha". Bajaji, tija ta matayala atatu, ndi tabwino mukanyamula katundu wochepa, pamene bodaboda ndi kabaza wa njinga yamoto. Ndi awiriwa, gwirizanani mtengo musanakwere. Mukagula simukhadi ya komweko, imene amalembetsa ndi pasipoti, mutha kuitanitsa galimoto pa Bolt n'kuoneratu mtengo.

Kariakoo

Dzinali linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga amene ankanyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mpaka lero ndi malo a anthu osenza mitolo. Si msika umodzi ayi, ndi dera lonse la nyumba zosanja zodzaza ndi mashopu, ndipo msewu uliwonse uli ndi malonda ake. Zovala zambiri zili mu Congo Street. Okonda mpira, likulu la Simba lili mu Msimbazi Street, ndipo adani awo a Yanga ali pafupi, ku Jangwani.

Ngati mwabwerera geni, gonani ku Kariakoo komweko kapena pafupi. Chipinda chotchipa cha kutali chimakudyerani maola awiri kapena atatu patsiku. Tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani, funsani "bei gani", lembani mitengo mufoni. Mukumana ndi anyamata otchedwa mawinga, amene amakuperekezani kushopu n'kuikapo yawo pamwamba pa mtengo. Ena amathandizadi, koma amene wayendayenda yekha tsiku lathunthu amadziwa ngati akumukwezera. Sungani malisiti onse, chifukwa a MRA pa Songwe adzawafuna.

Chiswahili chisakuopseni. Nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, maji ndi madzi, mvua ndi mvula. Chachikulu ndi moni. Kwa munthu wamkulu mumati "shikamoo", iye n'kuyankha "marahaba". Wogulitsa amene mwamupatsa moni amatsitsa mtengo msanga kusiyana ndi amene mwangomulozera chala.

Nyanja imene imathawa

Mukamaliza zogula, siyani theka la tsiku loonera nyanja. Kwerani mwendokasi mpaka ku Kivukoni. Pamenepo pali msika wa nsomba, ndipo m'mamawa amagulitsa mokuwa, wopereka zambiri ndiye amatenga. Mwana wa kunyanja fungo limenelo amalidziwa, koma nsomba zake n'zachilendo: pweza wa miyendo isanu ndi itatu, nkhanu zazikulu ngati mbale. Chambo musachifunse.

Pafupi pomwepo pali pantoni yoolokera ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zochepa wa mtengo wotsika. Muli pamadzipo mumaona sitima zikuluzikulu zonyamula makontena zikulowa padoko, zoti Ilala yathu ikhoza kuoneka ngati bwato pambali pake. Pobwerera mutha kudzera pa mlatho wa Nyerere, wotalika mamita 680, umene unatsegulidwa mu 2016.

Chenjezo kwa ife ozolowera nyanja ya Malawi: iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Pa Coco Beach mutha kupeza madzi atathawira kutali, patapita maola angapo abwerera pomwe munasiya nsapato. Kudziwa kusambira pa Chia kapena pa Sani sikutanthauza kuti mwaidziwa nyanja iyi. Funsani eni ake musanalowe.

Pobwerera gulani tikiti kudakali tsiku limodzi, ndipo katundu wanu mulembe dzina ndi nambala ya foni pa mtolo uliwonse. Werengerani kuti mufike pa Songwe kukuwala, ndipo ndalama ya msonkho ndi ya basi yokafika kwanu muisunge payokha musanalowe n'komwe mu Kariakoo. Mumsikamo chilichonse chimaoneka chotchipa, ndipo dzanja silichedwa kulowa m'thumba.