Kodi kadzidzi walakwanji?

Kadzidzi akalira pa denga usiku, m'mawa mwake mudzi wonse umangoti, "Awa ndi malodza." Mawu amenewa ndi pachibale ndi kulodza, ndipo amanena za chinthu chachilendo chimene chimachenjeza kuti tsoka, makamaka maliro, lili m'njira. Thadzi likalira ngati tambala, ndi malodza. Masiku ano mwana akatukwana mayi ake timatinso malodza.

Vuto lathu nlakuti timathamangira kupha mthengayo. Kadzidzi akachoka m'nkhalango ya Kuti ku Salima n'kukatera pamudzi, ambiri amayamba kufunafuna mwala. Chonsecho mbalameyi imadya makoswe amene amatithera chimanga m'nkhokwe.

Komatu zizindikiro zoti tizizimvera zilipo. Msodzi wa ku Senga Bay akaona kuti mwera wakula, sakankhira bwato m'madzi, ndipo amapulumuka. Nanga enafe? M'chaka cha 2024 madzi a nyanja ya Malawi adakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi malo ogona alendo, koma mtima womanga m'mphepete mwenimweni mwa nyanja sutichoka. Mitengo ikutha ndi makala, ndipo mvula ikagwa mtsinje wa Linthipe umatsika ndi nthaka ya m'minda mwathu. Bwanji zimenezi sitizitchula malodza?

Abale anga, mawu a makolowa tiwasunge, koma tiwalozetse poyenera. Matumba a makala amene amadutsa pa njinga m'bandakucha ndiwo ayenera kutisowetsa tulo. Kadzidzi msiyeni agwire makoswe.