Nthaka ya malo audzu ndi mpweya wa methane: phunziro la ku Rustenburg

Anthu akamva za methane amaganiza za ng'ombe ndi minda ya mpunga. Komatu nthaka ya malo audzu nayonso ili ndi gawo lake: ikhoza kumeza mpweyawu kapena kuutulutsa. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti pa zaka 100 methane amatenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide wolemera chimodzimodzi.

M'dothi muli magulu awiri a tizilombo tosaoneka ndi maso. Gulu lina limadya methane, ndipo limafuna dothi lophaphatika, lolowa mpweya. Linalo limapanga methane pamene madzi atseka mipata yonse, monga zimachitikira m'madambo. N'chifukwa chake tchire louma limameza methane kuposa amene limatulutsa. Mu 1991, Arvin Mosier ndi anzake anasonyeza kuti m'madera a udzu waufupi ku Colorado, kulima ndi kuthira feteleza wa nayitirojeni kunachepetsa mphamvu yomezayi.

Dera la migodi ya platinum ku Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, likutiunikira bwino. Kumpoto kwa mapiri a Magaliesberg kuli dothi lakuda lofanana ndi makande a ku Chigwa cha Shire. M'chilimwe limang'aluka, mpweya n'kumalowa. M'dzinja limafufuma ndi kumata. Makina olemera akalipondereza, madzi amadikha, ndipo tizilombo todya methane timafooka.

Apa ndi pamene ogulitsa mbewu akukhudzidwa. Malamulo a dzikolo amalamula makampani a migodi kukonzanso malo amene awononga, ndipo ntchito yaikulu ndiyo kufesa udzu pa milu ya zotsalira za miyala yoperedwa. Mitundu monga kapinga, Rhodes grass ndi Smuts finger grass imagwiritsidwa ntchito kwambiri. Mizu yake imaboola dothi, ndipo ikaola imasiya tinjira ta mpweya ndi madzi. Mbewu yosamera bwino imasiya nthaka pambalambanda, ndipo mvula imaiumitsa pamwamba ngati chikwatu cha mphika.

Choncho wogulitsa mbewu za udzu ayenera kutsimikiza kameredwe kake, kusankha mitundu yogwirizana ndi dothi la wogula, ndi kumulangiza kuti asachulutse feteleza wa ammonium, amene amasokoneza tizilombo todya methane. Uphungu womwewu ndi woyenera kwa alimi a msipu kuno kwathu, makamaka olima pa makande.