Mabuku a kaundula akayamba kulankhulana

Mukafika pachipatala cha mishoni, mudzapeza mabuku ambiri a kaundula: la amayi oyembekezera, la ana a sikelo, la katemera, la mankhwala. Buku lililonse limasunga zake, koma silidziwa zimene zili m'buku linzake. Namwino akafuna kudziwa ana amene anabayitsa katemera wa chikuku ali ndi miyezi 9 koma sanabwerenso pa miyezi 15, ayenera kuvundukula masamba ambirimbiri, odwala akudikira panja.

Njira yothetsera vutoli ndi yakale ndithu. Mu 1970, Edgar F. Codd, katswiri wa kukampani ya IBM, anafotokoza kasungidwe ka zinthu pakompyuta kotchedwa relational database. Mfundo yake ndi yosavuta: chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi kokha, pamndandanda wake. Maina a anthu akhale pawokha, midzi payokha, katemera payekha. Munthu aliyense apatsidwe nambala yake, ndipo nambalayo ndiyo imamanga mindandanda yonse pamodzi. Mukakonza dzina lolakwika pamalo amodzi, lakonzeka paliponse.

Phindu lenileni limaoneka mukayamba kufunsa mafunso. Pogwiritsa ntchito chilankhulo cha kompyuta chotchedwa SQL, mungathe kufunsa kuti: ndi ana ati a m'mudzi wakuti amene aphonya katemera? Ndi mankhwala ati amene atha mphamvu mwezi wamawa? Yankho limabwera nthawi yomweyo, ndipo mlangizi wa zaumoyo amadziwa khomo loyenera kukagogoda.

Musaganize kuti izi ndi zakunja zokha. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, inapangidwa ku University of Oslo ndipo imasunga zonse mu PostgreSQL, database ya mtundu womwewu imene salipiritsa. Komabe m'maofesi ambiri kompyuta imangogwira ntchito yotayipa makalata. Chonsecho kaundula wa ubatizo ndi maukwati kuparishi, kapena wa mabanja olandira mbewu kuchokera ku CADECOM, angathe kusungidwa mwa njira yomweyi.

Dziwani izi: kompyuta imabweza zimene mwaipatsa. Mukalemba zolakwika, idzayankha zolakwika. Ndiponso za matenda a munthu ndi chinsinsi, choncho aziona okhawo oyenera, aliyense ndi pasiwedi yake, ndipo pazikhala kope lina losungidwa kwina. Inu makolo, gawo lanu ndi ili: popita kuchipatala musaiwale buku la mwana, ndipo dzina lake ndi tsiku lobadwa muzizinena chimodzimodzi nthawi zonse.