Ululu wa kuchipinda umene amayi amaubisa

Namwino akafunsa chimene chawabweretsa, amayi ambiri amayambira pa msana kapena m'mimba. Maso ali pansi, zala zikupotokola nsonga ya chitenje, kudikira kuti mwina namwinoyo afunsa yekha. Akapanda kufunsa, mayi amabwerera kwawo ndi Panado m'manja, osatchula kuti akakhala malo amodzi ndi amuna awo amamva kuwawa.

Manyazi amenewa mkazi sabadwa nawo. Kuchinamwali ndi pachilangizo cha ukwati amauzidwa kuti banja n'kupirira, mwamuna sakanizidwa, za kuchipinda sizituluka pakhomo. Ena amaopa kuti akadandaula, bambo aganiza kuti anayenda njira zachilendo. Choncho amangoluma mano, zaka n'kumapita.

Chonsecho ululuwu uli ndi zoyambitsa zodziwika, ndipo zambiri zimachizika. Mayi woyamwitsa kapena amene wasiya kusamba amauma kumaliseche chifukwa mahomoni a estrogen achepa m'thupi. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi amathandiza, pomwe Vaseline amafooketsa kondomu. Zitsamba zimene ena amaika pofuna kuuma kapena kuthina zimasiya timabala, timene timatsegulira njira HIV. Palinso mauka, matenda opatsirana pogonana, chipsera cha pobereka, komanso vaginismus, pomwe minofu imadzikunga yokha chifukwa cha mantha, makamaka kwa amene anagwiriridwapo. Mkaziyo sachita dala, ndipo uphungu umamuthandiza.

Chimene sichikambidwa mokwanira ndi likodzo. Anthu amalidziwa ngati matenda a anyamata okodza magazi, koma kwa mkazi wochapa ndi kusamba m'nyanja ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, mazira a tizilombo toyambitsa likodzo amakakhazikika m'njira yoberekera ndi pakhomo la chiberekero. Pamakhala zilonda, kuwawa ndi magazi pogonana. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana, moti mayi wosalakwa amatha kunenedwa kuti ndi woyendayenda, pomwe chimafunika ndi mankhwala a praziquantel. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, chifukwa madziwo sangawapewe: ndi momwe amachapira zovala za banja lomwe likumukayikiralo.

Magazi otuluka pambuyo pogonana angakhalenso chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe nthendayi imapha amayi ambiri padziko lonse. Katemera wa HPV, woteteza ku khansayi, anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, koma amayi akuluakulu chowateteza ndi kukayezetsa. Kuyeza kwa VIA, kogwiritsa ntchito viniga, kumachitika mwaulere m'zipatala za boma ndipo sikutenga nthawi.

Abambo, mkazi akati zikuwawa, imani, mumvereni, mumuperekeze kuchipatala. Inu mayi, ngati pakamwa pakulemera, pemphani namwino wamkazi, kapena lembani papepala mumupatse awerenge.