Msampha umene mpunga umatchera bakiteriya

Anthu akamayamikira kununkhira kwa mpunga wa ku Chama, ine maganizo anga amapita m'madambo a ku Chifunda, pa tsamba limodzi la mpunga, pomwe pamachitika nkhondo yosaoneka ndi maso.

Pali bakiteriya wotchedwa Xanthomonas oryzae amene amaumitsa masamba kuyambira kunsonga. Akalowa pa bala kapena pa timabowo ta m'mphepete mwa tsamba, amabaya selo ndi kachida konga jakisoni n'kuthiramo mapuloteni ake. Ena mwa mapuloteniwa amafika kumene kuli majini n'kuyatsa jini yotchedwa SWEET, imene imatulutsa shuga kunja kwa selo. Mbewu imayamba kudyetsa mdani wake ndi chakudya chimene chikanakhwimitsa ngala.

Chimene chimandigometsa ndi yankho la mitundu ina ya mpunga. Ili ndi jini ngati Xa27 yomwe imangogona phee. Puloteni ya bakiteriya ikaikhudza poyesa kuyatsa majini a mbewu, msampha umafwamphuka: maselo a pamenepo amafa, ndipo matenda amalephera kufalikira. Wasayansi Harold Flor anaona lamuloli m'ma 1940, kuti jini yoteteza mbewu imagwira ntchito pokhapokha ikakumana ndi jini yoyenerana nayo ya kachilombo.

Vuto lagona pomwepo. Bakiteriya wa mu Africa ali ndi mapuloteni osiyana ndi a ku Asia, choncho mbewu yotetezeka kumeneko ingathe kugwa kuno. Ndikufuna mbewu iliyonse iyesedwe ndi bakiteriya wathu isanafike m'manja mwa mlimi wa ku Chifunda.